Apongozi pa Kaliyala

Amene anayambitsa mwambo woti mkamwini ndi apongozi ake aakazi azithawana sanakhalepo m'nyumba ya ku Highfield, lokeshoni ya kuno ku Halale. Ndikunenetsa. Kumudzi n'zotheka chifukwa tchire ndi lambiri. Ukaona apongozi akubwera m'njira umangopatuka, n'kuima kuseri kwa chulu mpaka adutse. Nanga m'lokeshoni, m'kanyumba ka zipinda ziwiri ndi chimbudzi chimodzi, upatukira kuti?

Ine ndine Lawson, kwathu ndi ku Dedza. Masiku amenewo, nkhondo ya kuno itayamba kutentha, ndinkawotcherera zitsulo pa kampani ina ku Workington. Mkazi wanga Isaura ndi wa ku Angonia, tsidya la Apwitikizi, ndipo anali atangochira kumene, mwana wathu woyamba. Mayi ake, mayi Eneles, anabwera kudzaona mdzukulu pa lole ya wamalonda wina wa kwawo, ndipo loleyo inali yosachedwa kubwerera. Ndinadzilimbitsa mtima kuti mlendo ndi mame, ndipirira.

Koma mame ake amenewo, abale! Ndinkachita kutsokomola ndisanalowe m'nyumba yangayanga, mpaka aneba anayamba kundilangiza mankhwala a chifuwa. Ndikatsokomola, mayi ankathawira kuchipinda atadziphimba nsalu kumutu. Mawu onse ankadzera mwa Isaura. Isaura akagona, mayi ankalankhula ndi chitseko.

"Iwe chitseko, uwauze akamwini kuti madzi osamba afunda."

Ndiye ine, munthu wamkulu wolemekezeka pa ntchito, ndinkayankha chitseko chomwecho kuti, "Uwauze kuti ndathokoza kwambiri."

Mdzukulu anamuona, anamunyamula, anamuvinira. Koma tonse tinkadziwa kuti mtima wawo unali kwina. Mayi Eneles anali ndi mwana wamwamuna mmodzi yekha, Joaquim, amene anathawa chibalo cha Apwitikizi akadali kamnyamata, ndipo chichokereni sanapondekonso kwawo. Tsopano anali khukhi wa mzungu wina ku Hatfield, kutsidya lina la tauni. Tinagwirizana kuti Lamulungu, tsiku limene amapuma masana, mnansi wathu mayi Natalia adzawaperekeza kukamuona. Mayi Natalia ankachapa zovala kwa azungu oyandikana ndi kumene Joaquim ankagwira ntchito, ndiye njira ankaidziwa bwino.

Loweruka m'mawa ndili kupopa njinga kuti ndizipita kuntchito, ndinangoona mayi Natalia atulukira ali wefuwefu, duku lili pambali.

"Bambo Lawson, zinthu zatembenuka! Bwana wa Joaquim amuitananso ku usilikali, ndiye akuti zamukwana. Akuthawira kunja kwa dziko, ku Debeni, lero lomwe, masana ano. Dzulo ndawasiya akumanga katundu. Khukhi akumutenganso, akuti dona sadya zophika munthu wina."

"Ndiye aperekezeni msanga mayiwa!" ndinatero ine.

"Ndikanatero, bambo, koma mlamu wanga wamwalira ku Mufakose. Panopa ndili pa ulendo wa kumaliro."

Isaura anamva zonse ali kuchipinda. Iye sakanatuluka, anali m'chikuta, mchombo wa mwana usanagwe. Koma pakamwa pake sipanali m'chikuta ayi.

"Nanga mwaimiranji pamenepo ngati mwala? Atengeni amayi muzipita!"

"Ine?"

"Ayi, chitseko!"

Galimoto ndinalibe, ndipo ngakhale amene anali nazo m'lokeshoni mwathu anali atazikhazika pa njerwa, chifukwa petulo anali wa makuponi. Chimene ndinali nacho ndi njinga yanga yakuda, ya kaliyala wolimba wonyamula thumba la ufa osadandaula. Ndinatsokomola, n'kuyang'ana chitseko.

"Uwauze mayi kuti pa njinga tifika msanga. Kaliyala ndamuyalira katoni."

Kenaka mawu anatuluka pang'onopang'ono kuseri kwa nsalu.

"Iwe chitseko, uwafunse akamwini athuwa ngati analeredwa ndi anthu."

Basi tikwera basi, ndinatero mumtima.

Tinayenda mpaka pa siteji ya ku Machipisa, ine patsogolo ndikukankha njinga, mayi kumbuyo kutali ndithu. Maganizo anga anali oti njingayo ndiisungitse kwa mnzanga wosoka nsapato, tikwere limodzi, iwo kutsogolo ine kumbuyo. Basi inafika itapendekera mbali imodzi, anthu atathinana mpaka pamakwerero, wina nkhope itaphwatalala pagalasi. Mayi anaisuzumira pansi pa nsalu yawo, n'kusendera pafupi ndi mtengo wa nyale.

"Iwe mtengo, uwauze kuti m'chinthu ichi anthu akukhudzana mimba. Akalowamo iwo, ine nditsala."

Asa! Ndinayang'ana kumwamba kuti kapena Mulungu akuona zimenezi. Koma nthawi siyembekeza mkwiyo wa munthu. Ndinawalipirira, n'kumuuza kondakitala m'Chishona changa chothyokathyoka kuti gogoyu akamutsitse ku musika waukulu wa m'lokeshoni ya Harari, kumene kunali mabasi a ku Hatfield. Anthu anawakankhira mkati, mayi wina wachifundo n'kuwapatsa malo a pawindo. Ine ndinakwera njinga yanga kuyamba kuthamangitsa basi.

Amene sanathamangitsepo basi pa njinga asanene kuti anavutikapo. Utsi wonse wa dizilo unkathera m'mphuno mwanga. Basi ikaima pa siteji ndinkaipeza, ikanyamuka inkandisiya ndikutsokomola, tsopano kutsokomola kwenikweni. Tsoka lake linali pa maroboti. Basi ikaima, ine ndinkapezeka ndaima pansi penipeni pa windo la apongozi. Iwo akangondiona ankadzikwirira nsalu mpaka pachibwano, ine n'kutembenuzira nkhope kumbali ngati ndikuwerenga zolemba za pa sitolo.

Anthu a m'basi sanachedwe kuzindikira. Bambo wina wonenepa anatulutsa mutu pawindo, n'kufuula m'Chishona kuti onse amve.

"Achimwene! Gogoyu wakuberani chiyani?"

Ashona ankatitcha choncho tonse ochokera kwathu, kaya ndiwe mkulu kaya mwana. Basi yonse inafa nako kuseka. Wina anati ayi, ameneyu akufunsira. Itanyamukanso, mawindo onse anadzaza mitu, akuimba ngati ali ku mpira kuti, "Chovhai, Achimwene, chovhai!" kutanthauza kuti ndipalase. Ndinapalasadi, ndikuwatukwana m'Chichewa, ndipo ndikuthokoza kuti apongozi anali atatseka makutu ndi nsalu.

Ku musika kunali fumbi, phokoso ndi anthu ngati nyerere. Ndinawapeza mayi atatsika kale, ataima pafupi ndi matumba a mbatata, kachikwama kawo atakapanira kukhwapa. Kuchokera pamenepo kukafika pa mabasi a ku Hatfield kunali kodutsa pakati pa chikhamu chonsecho. Apa ndiye panali vuto limene sindinaliganizire. Ndikatsogola, ndimayenera kucheuka kuti ndione ngati akubwera. Ndikacheuka, iwo ankabisala. Akabisala, ine ndinkabwerera kukawafuna, ndipo poona kuti ndikubwera ankabisala kwambiri. Tinavina gule ameneyu mozungulira matumba a mbatata aja mpaka mwini wake anayamba kutiyang'ana ndi diso loipa.

Kenaka nzeru inandibwerera, ndipo ndinadzitama nayo. Ndinawerama pa thumba limodzi.

"Iwe thumba, uwauze mayi kuti ine nditsogola osacheukanso. Ndiziliza belu la njinga, iwo azingotsata belulo."

"Uwauze kuti ndamva," anatero mayi kuseri kwa matumba.

Mwini mbatata anakoka thumba lake n'kukhala pamwamba pake.

Ndinayamba ulendo ndikuliza belu, ngiri-ngiri, ngiri-ngiri, khosi nditaliumitsa ngati msilikali. Ndinadutsa ogulitsa matemba, ogulitsa nkhuku, ometa tsitsi, osacheuka ngakhale kamodzi. Nditafika pa siteji ndinapeza basi ya ku Hatfield ili pomwepo, injini ikulira. Ndinati Mulungu ndi wabwino. Ndinauza chipilala cha pa siteji kuti chiwauze mayi kuti tafika. Palibe anayankha. Ndinabwerezanso mokweza. Ndipo nditacheuka ndinapeza tiana tiwiri tamamina tikundiyang'ana, tikuyembekeza kuti ndilizenso belu.

Kalanga ine! Apongozi nditawataya pakati pa Halale, osadziwa Chishona, osadziwa Chingerezi, osadziwa ngakhale dzina la msewu wa kunyumba! Ndinaganiza za pakamwa pa Isaura. Ndipo tandiuzani, mumamufuna bwanji munthu amene akakuonani amabisala? Ndinazungulira musika wonse ndikufunsa aliyense. Basi ya ku Hatfield ija ndinaiona ndi maso angawa ikutuluka pa geti.

Amene anandithandiza ndi mkulu wina wokonza maambulera. Anati waona gogo wofunda nsalu kumutu akutsata mnyamata wa ayisikilimu, alowera njira ya ku mafakitale.

Ayisikilimu! Ndinali nditaiwala kuti m'tauni muno si ine ndekha ndili ndi belu.

Ndinawapeza kufupi ndi Graniteside, kumene kumayambira mipanda ya mafakitale. Wa ayisikilimu ankapalasa kanjinga kake ka bokosi, akuliza belu, maso ali tong'o. Kumbuyo kwake mayi Eneles ankabwera ndi mtima wonse, maso ali pansi, akutsata matayala. Nditamuimitsa, mnyamatayo anatsala pang'ono kundikumbatira.

"Ndi anu awa? Chichokereni ku musika akunditsata! Ndikacheuka akubisala kuseri kwa mtengo. Ndikathamanga akuthamanga. Ndaima kuti ndiwapatse ayisikilimu waulere andisiye, andifulatira! Ine ndimati kapena ndi mzimu wa agogo anga."

Sanadikire yankho. Anapalasa kuthawa, belu atalitsekera m'dzanja.

Apa ndiye mtima wanga unaphulika. Pafupi panali mgolo wa zinyalala, ndipo ndinaulalatira mgolo umenewo ngati unandilakwira kuyambira kalekale.

"Iwe mgolo! Uwauze mayi kuti basi yapita! Uwauze kuti ine ndajomba kuntchito, ndamwa utsi, ndasekedwa ndi tauni yonse, ndalankhula ndi mbatata pamaso pa anthu! Uwauze kuti kuno si ku Angonia! Tikanakwera njinga m'mawa muja bwenzi pano tikumwa tiyi ndi Joaquim!"

Alonda a pa geti la fakitale anatuluka kudzaonerera munthu akukangana ndi mgolo. Mayi anali atandifulatira, ataima chilili. Ine ndinayamba kuchita manyazi. Kenaka anakweza mutu kuyang'ana dzuwa, limene linali litafika kale paliwombo.

"Iwe mgolo," anatero motsitsa mawu, "uwauze kuti akunena zoona. Koma uwauzenso kuti ine ndakalamba, ndipo msewu wa kwathu uli ndi mabomba. Kuno sindidzabweranso. Mwana wanga ndikapanda kumuona lero, basi."

Mkwiyo wonse unandithera pomwepo. Ndinamva chisoni, ndipo ndinadziona kupusa.

Nthawi yomweyo panaima kagalimoto kena ka matola, kodzaza kale mpaka chitseko chomangidwa ndi waya. Woyendetsa anati akupita cha ku Hatfield komweko. Ndinati tapulumuka. Ndinamufunsa ngati muli malo a anthu awiri otalikirana.

"Malo ndi amodzi, Achimwene. Inu khalani, gogoyu akhale pamiyendo panu, njinga timanga pamwamba."

Polankhula anamenya ntchafu zake kusonyeza pokhalira, ndiye mayi anamva ngakhale sankadziwa Chishona. Anakuwa kuti "Mayo!" n'kulumphira kuseri kwa mgolo. Ine ndinasolola pampu ya njinga kuti ndimukwapule nayo, woyendetsa uja n'kuthawitsa galimoto yake akuseka.

Tinatsala awiri, ndi njinga. Ndinakhala pansi m'mphepete mwa msewu nditagwira mutu. Ndinamva mapazi akuzungulira njinga ija, kamodzi, kenaka kachiwiri. Ndinamva akugogoda kaliyala ngati munthu woyesa dzungu.

"Iwe njinga," anatero mayi, "kodi msana uli ndi maso?"

Ndinadzutsa mutu. "Uwauze kuti ulibe."

"Nanga uli ndi pakamwa?"

"Ulibenso."

"Ndiye uwauze akwere, ayang'ane kutsogolo kwawoko. Ine ndiyang'ana kwanga."

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndithu. Ndinakwera, n'kulimbitsa mapazi pansi. Mayi anakwera pa kaliyala chafutambuyo, nkhope kuyang'ana kumene tikuchokera, miyendo ili lende kuseri kwa tayala, manja atagwira zitsulo za m'mbali. Msana wawo unatsamira msana wanga. Anali opepuka kuposa thumba la ufa.

Tinauyamba. Alonda aja anatiombera m'manja. Poyamba njinga inkayenda ngati yaledzera, koma posakhalitsa tinagwirizana, ndipo mayi anayamba kuikonda ntchito yawo yatsopano yoyang'anira kumbuyo.

"Iwe njinga, uwauze kuti kukubwera chilole, apatuke."

Ndinapatuka.

"Uwauze kuti galu akutitsata. Ayi, wabwerera, waona kuti tilibe kanthu."

"Uwauze kuti tauni ino ndi yabwino ukamaiona ikuchoka."

Pa mlatho tinapeza apolisi atatchinga msewu ndi migolo, akusecha anthu akuda ndi katundu wawo monga ankachitira masiku a nkhondowo. Ndinachita mantha, chifukwa mayi analibe chitupa cha kuno. Wapolisi wina wachikulire anakweza dzanja. Anandiyang'ana ine, anazungulira kukayang'ana mayi, anabweranso kwa ine. Ashona nawonso apongozi amawaopa, ndiye sanafunse zambiri.

"Ndi amayi a akazi anu?"

Ndinagwedeza mutu.

"Pitani, m'bale wanga. Mavuto muli nawowa akukwanani."

Tinalowa mu Hatfield, kwa azungu, kumene misewu ili zii ndipo agalu ndi aakulu ngati ana a ng'ombe. Miyendo yanga inali itasanduka nkhuni. Nyumba ndinkaidziwa, ndinafikako kamodzi kukamuuza Joaquim za ukwati wathu: msewu wa mitengo ya jakaranda, geti lobiriwira kumapeto. Titakhota kulowa msewu umenewo ndinaona geti lija patali, ndipo ndinauza njinga kuti iwauze mayi kuti tafika.

Kutsogolo kunkabwera galimoto yaitali, matiresi atamangidwa pamwamba. Masiku amenewo magalimoto otere anali ambiri, azungu akusamuka mwakachetechete, ndiye sindinaganize kanthu. Ndinaona mzungu wofiira nkhope pa chiwongolero, dona wa magalasi akuda, ndi ana kumbuyo kwawo. Munthu wakuda sindinamuonemo. Ndinangopatukira kumbali kuti idutse, ndipo inadutsa.

Kenaka msana wa mayi unauma gwa.

"Lawson! Lawson, mwana wanga uyo! Tembenukani!"

Dzina langa, pakamwa pa apongozi! Ndinatsala pang'ono kugwera mu ngalande. Ndinakhotetsa njinga mwamphamvu, ndipo ndipamene ndinamuona. Joaquim anamukhazika kumbuyo kwenikweni, kumalo a katundu, pakati pa masutikesi ndi galu, atavala jekete lake loyera la kukhitchini. Nayenso ankayenda chafutambuyo, nkhope ili pagalasi lakumbuyo. Ine woyang'ana kutsogolo sindikanamuona. Anaonana okhaokha, mayi ndi mwana.

Koma nditatembenuza njinga, mayi anapezeka akuyang'ana kolakwika.

"Sindikumuona! Sindikumuonanso!"

Mmene anatembenukira pa kaliyala njinga ikuyenda, mpaka lero sindidziwa. Ndinangomva manja awiri andigwira m'chiuno zolimba, mutu wawo n'kutulukira pansi pa khwapa langa, nsalu ija itauluka.

"Palasani, bambo! Palasani!"

Ndinapalasa ngati sindinapalasepo chibadwire. Tcheni chinkalira, mawondo ankawotcha, m'kamwa munkamveka magazi. Joaquim anali atagwada, akumenya galasi ndi zikhato zonse ziwiri. Pakamwa pake pankatseguka kwambiri koma mawu sankatuluka kunja. Anatembenuka kulankhula ndi bwana wake, akuloza kumbuyo, n'kubwereranso pagalasi. Galu nayenso anayamba kuuwa.

Pa mphambano ya msewu waukulu galimoto inachepetsa liwiro kuti lole idutse. Tinaiyandikira, tinaiyandikira, mpaka ndinaona mabatani a jekete lake ndi misozi ili mbwee m'masaya. Mayi anatambasula dzanja limodzi.

"Joaquim! Ndine mayi ako! Joaquim!"

Mzungu uja anatiyang'ana pa kagalasi kake. Sindidziwa chimene anaona, kapena wamisala ndi gogo wake. Lole itadutsa anaponda mafuta, galimoto n'kukhotera kum'mwera. Dzanja la Joaquim linali likadali pagalasi mpaka matiresi aja anazimirira kuseri kwa mitengo.

Ndinaimitsa njinga pa udzu. Mpweya unali utandithera, sindikanatha ngakhale kutukwana. Mayi anandisiya m'chiuno pang'onopang'ono, n'kutsika. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna chinthu choti ndilankhule nacho, koma iwo anazungulira n'kudzaima patsogolo panga, mutu uli pamtunda, n'kundiyang'ana m'maso. Aka kanali koyamba kuona nkhope yawo bwinobwino. Anali kamayi kakang'ono, kotopa, kofanana ndi Isaura pachipumi.

"Mwamuona?" anandifunsa.

"Ndamuona, mayi."

"Wandidziwa. Mwaona kuti wandidziwa?"

"Wakudziwani, mayi. Amakuitanani."

Anagwedeza mutu, akuyang'ana msewu wopanda kanthu uja.

"Wanenepa," anatero. "Ndiye kuti akudya."

Anapukuta kumaso ndi chikhato, n'kukweranso pa kaliyala chafutambuyo monga poyamba.

"Tiyeni kunyumba, mwana wanga. Musathamangenso."

Njira yonse ya ku Highfield msana wawo unkanjenjemera pamsana panga. Ndinapalasa pang'onopang'ono, chifukwa nanenso msewu sindinkauona bwino.